Kukaphunzira kunja: zimene banja la ku Nsaru kapena ku Kabudula liyenera kudziwa lisanagulitse ng'ombe

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, m'midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni mumamveka nthungululu. Mwana amene ankawerengera tochi, amene ankayenda mtunda wautali kupita ku CDSS, wakhoza ndi mapointi abwino. Koma pakapita miyezi, bungwe la NCHE likalengeza mayina a osankhidwa kupita kusukulu zaukachenjede za boma, ambiri mwa ana omwewo mayina awo sapezeka. Ena amapezeka, koma apatsidwa maphunziro amene sadawafune. Apa m'pamene nkhani ya kunja imayambira. Wina amabwera ndi uthenga wa pa WhatsApp wonena za malo ku India, wina amati msuweni wake ali ku China ndipo salipira kanthu, wina amati ku Lusaka amatenga aliyense wofuna udokotala. Bambo amayamba kuwerengera ng'ombe za pangolo, mayi amaganiza za banki m'khonde.

Nkhaniyi ndi yofunika kuiona yonse, mofatsa, chifukwa imatha kukweza banja ndiponso imatha kulisiya lopanda munda. Maganizo anga ndi akuti mwana wa kumudzi ali ndi mwayi weniweni wokaphunzira kunja, koma njira yodalirika imadzera kuno kwathu, ndipo kawirikawiri amalipira ndi ena, osati makolo.

Njira imeneyi idayamba kale

Amalawi adayamba kuwoloka nyanja kukafuna maphunziro dziko lino lisanakhale ndi sukulu ya sekondale ngakhale imodzi. John Chilembwe adapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, nakaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerera mu 1900 adayambitsa mishoni ya PIM ku Chiradzulu. Daniel Malekebu adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1917, nadzatsegulanso mishoni yomweyo mu 1926. Kamuzu Banda adachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915, nagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa, nafika ku America mu 1925. Adaphunzira ku Chicago, nalandira udokotala ku Meharry mu 1937, nawonjezera ku Edinburgh, ndipo adabwerera kwawo mu 1958. Chaka chomwecho Legson Kayira wa ku Chitipa adanyamuka wapansi kulowera kumpoto, nafika ku Khartoum patatha zaka ziwiri, asanakwere ndege yopita ku Skagit Valley College ku America. Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere adadzera ku Fort Hare, Kanyama Chiume ndi David Rubadiri ku Makerere, Bingu wa Mutharika ku India, ndipo Vera Chirwa adakaphunzira zamalamulo ku London nakhala mayi woyamba wa dziko lino kukhala loya.

Anthu amenewa adapita chifukwa kuno kunalibe kolowera. Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo sukulu ya madokotala idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Lero zinthu zidasintha. Kuli Mzuzu University, kuli MUST ku Thyolo yomwe idatsegulidwa mu 2014, kuli LUANAR yomwe nthambi yake ya NRC ili kufupi ndi msewu wa ku Mchinji, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa patatu, kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS. Kulinso sukulu zaukachenjede za mipingo ndi za anthu wamba. Komabe malo ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza, ndipo maphunziro ena apamwamba, makamaka a ukatswiri wa zachipatala, zomangamanga ndi kafukufuku, mpaka pano amafuna kuti munthu atuluke. Choncho mtima wothamangira kunja uli ndi chifukwa chomveka.

Khomo loyamba ndi satifiketi

Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti MSCE siilemera mofanana m'mayiko onse. Kuno munthu akakhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, akhoza kulowa kuyunivesite. Koma sukulu zambiri za ku Britain ndi ku South Africa zimaiona MSCE ngati O-Level, ndipo zimafuna A-Level kapena chaka china chokonzekera munthu asanayambe digiri. A-Level kuno imapezeka kusukulu zochepa zodula, monga Kamuzu Academy ku Mtunthama. Mwana wa ku Mpingu amene wakhoza ndi mapointi 10 ndi wanzeru mosakayikitsa, koma pepala lake palokha silingamulowetse m'sukulu zimenezi.

Mayiko ena amailandira MSCE popanda vuto lalikulu, monga Zambia ndi sukulu zambiri za ku India. Ku China, ku Russia, ku Turkey ndi ku Japan, wophunzira amene akaphunzire m'chiyankhulo cha kumeneko amayamba wathera chaka chathunthu pa chiyankhulocho. Kwina amafunanso mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL, amene amalipiridwa ndalama zambiri ndipo amatha mphamvu pakapita zaka ziwiri.

Munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba yochokera ku LUANAR, ku Mzuni kapena ku UNIMA sakumana ndi zambiri mwa zotchinga zimenezi. Digiri yakeyo imadziwika, aphunzitsi ake angathe kumulembera kalata yomuikira umboni, ndipo iye mwini amakhala atakhwima nzeru.

Kodi alipira ndani?

Thandizo la maphunziro akunja, lomwe ambiri amangoti sikolashipu, lilipo lambiri ndithu, koma lochuluka ndi la digiri yachiwiri ndi yachitatu. Boma la Britain lili ndi Chevening, yomwe idayamba mu 1983. Imalipira fizi, ndege ndi ndalama ya chakudya ndi pogona kwa chaka chimodzi, koma imafuna digiri yoyamba, zaka ziwiri za ntchito, ndi lonjezo lakuti munthu adzabwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Palinso thandizo la Commonwealth lomwe lidayamba mu 1959, la Beit Trust lomwe ndi la anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, la Fulbright la ku America, la DAAD la ku Germany, ndi la boma la Ireland. Kwa ophunzira zaulimi, mgwirizano wa mayunivesite wa RUFORUM, womwe likulu lake lili ku Kampala, wathandiza ambiri kuchita maphunziro m'mayiko a mu Africa momwe muno.

Wongomaliza kumene Fomu 4 makomo ake ndi ocheperapo, koma alipo. Mastercard Foundation, kuyambira mu 2012, imalipirira achinyamata anzeru ochokera m'mabanja osowa kusukulu monga Ashesi ku Ghana, Makerere ku Uganda, Pretoria ku South Africa ndi EARTH University ku Costa Rica, yomwe imaphunzitsa zaulimi. Boma la India limapereka malo kudzera ku ICCR, la Japan kudzera ku MEXT, la Turkey nalo lili ndi thandizo lake, ndipo chiyambire pamene Malawi idapanga ubale ndi China kumapeto kwa 2007, Amalawi ambiri aphunzira kumeneko. Ana achisilamu akhala akupeza malo ku Al-Azhar ku Egypt. Malo amene maboma akunja amapereka ku boma lathu amalengezedwa ndi unduna wa zamaphunziro kapena nthambi yoona za anthu ogwira ntchito m'boma, m'nyuzipepala ndi pa intaneti.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwiritsa. Choyamba, thandizo lenileni silipempha munthu kuti alipire kaye ndalama kwa munthu wina kuti dzina lake lilowe. Mafomu a Chevening, a MEXT ndi a ICCR amadzazidwa ulere. Chachiwiri, si thandizo lonse limene limalipira zonse. Lina limachotsa fizi yokha, lina limachotsa theka, lina silipereka tikiti ya ndege. Kalata yonena kuti mwapatsidwa sikolashipu ya 50 peresenti ikutanthauza kuti theka linalo, pamodzi ndi nyumba, chakudya, inshuwalansi ya chipatala ndi ndege, zili pamutu pa banja, ndipo zidzafunika m'ndalama zakunja kwa zaka zinayi.

Kudzilipirira ndi vuto la ndalama zakunja

Apa m'pamene mabanja ambiri amagwera m'dzenje. Powerengera amatenga mtengo wa dola wa tsiku limenelo, n'kuona kuti akagulitsa ng'ombe zingapo ndi matumba a soya akwanitsa chaka choyamba. Koma mu May 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Kholo limene lidatumiza mwana kumayambiriro kwa 2022 lidapezeka kuti pofika chaka chachitatu likufunika makwacha oposa kawiri kuti lilipire fizi yomweyo. Chinanso n'chakuti ngakhale makwachawo alipo, kubanki madola sapezeka msanga. Munthu amapereka makalata a kusukulu n'kudikira milungu, pamene kunjako mwana akumuletsa kulemba mayeso. Akathamangira kwa osintha ndalama a mumsewu, mtengo wake umakhala wokwera kwambiri.

N'zowawa kuti izi zimagwera mlimi wa ku Kabudula kapena ku Nsaru, amene fodya wake akagulitsidwa ku Kanengo amabweretsa madola amene dziko lino limadalira. Koma ulimi umadalira mvula ndi mitengo ya pamsika, pamene fizi siidikira. Chaka chimodzi cha chilala chikhoza kudula maphunziro pakati, ndipo mwana amabwerera wopanda pepala, kumudzi n'kupeza ng'ombe zidapita, dimba lidapinyolitsidwa, katapila akulondalonda. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Malo a ku NRC kapena ku Mzuni, ngakhale a maphunziro amene mwana sadawaike poyamba, kapena malo a ku Namitete Technical College, ndi chinthu chogwirika, ndipo wophunzira m'sukulu zaukachenjede zovomerezeka kuno angathe kupempha ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015.

Banja limene lili ndi mphamvu zodzilipirira liyambe laganizira mayiko oyandikana nafe. Kuchokera ku Namitete kukafika ku Chipata ndi ulendo wa maola ochepa kudzera pachipata cha Mchinji, ndipo ku Lusaka anthu amamva Chinyanja. Mwana akadwala kapena kukagwa maliro, basi ilipo. Mu 1997 atsogoleri a mayiko a SADC adasainirana pangano la zamaphunziro mumzinda wa Blantyre, lomwe limati ophunzira ochokera m'mayikowa azilipira fizi ngati eni dziko. Ndi chifukwa chake Mmalawi ku mayunivesite a boma a ku South Africa amalipira mocheperapo kuyerekeza ndi wochokera kutali, ngakhale pamakhala kandalama kena kowonjezera ka alendo. Komabe nako amafuna rand kapena kwacha ya Zambia, choncho kuwerengera kwa zaka zinayi n'kosathawika.

Pepala lovomerezeka ndi madobadoba

Funso limene liyenera kufunsidwa ndalama isanatuluke ndi lakuti: mwana akadzabwera ndi digiri imeneyi, kodi kuno idzalandiridwa? NCHE, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndi imene imaunika mapepala ochokera kunja. Wophunzira udokotala sangagwire wodwala asanalembetsedwe ndi Medical Council of Malawi, namwino amadzera ku bungwe la anamwino ndi azamba, ndipo wophunzira malamulo kunja amayenera kudzera ku Malawi Institute of Legal Education asanaimirire munthu m'khoti. Dziko lililonse lilinso ndi bungwe lake lovomereza sukulu, monga Higher Education Authority ku Zambia ndi University Grants Commission ku India. Kulemba kalata kapena kupita ku ofesi ya NCHE ku Lilongwe kukafunsa za sukulu inayake kumangodya ndalama ya minibasi, koma kukhoza kupulumutsa zaka zisanu za moyo wa mwana.

Ma ejenti amene amalonjeza malo si onse akuba, koma ambiri amalandira gawo lawo kuchokera kusukulu pa mutu uliwonse umene abweretsa, choncho amayamikira kumene kuli phindu lawo. Kumpoto kwa chilumba cha Cyprus kudadzaza achinyamata a mu Africa amene adauzidwa kuti akupita ku Ulaya kumene adzaphunzire uku akugwira ntchito, koma adakapeza ntchito kulibe, nyumba n'zodula. Malonda a mapepala abodza nawo ndi aakulu. Mu 2015 kudaululika kuti kampani ya Axact ya ku Karachi, m'dziko la Pakistan, inkagulitsa madigiri a masukulu mazana amene ankangopezeka pa intaneti, opanda kalasi kapena mphunzitsi. Mu 2024 atolankhani adaulula kuti atsikana a mu Africa a zaka 18 mpaka 22, amene adakopedwa ndi lonjezo la maphunziro ndi ntchito ku Alabuga m'dziko la Russia, adakapezeka m'fakitale yopanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa. Mpofunikanso kusiyanitsa sukulu ndi ganyu. Achinyamata 221 amene adanyamuka mu November 2023 kupita kuminda ya ku Israel adapita kukagwira ntchito, ndipo ntchito yotere, ngakhale ili ndi malipiro ake, siipereka digiri.

Moyo wa kuchilendo

Ngakhale zonse zitalongosoka, pali mapepala a ulendo. Kumayambiriro kwa 2024 makina opangira mapasipoti adaima kwa milungu ingapo, ndipo ena malo awo adawaphonya. Wanzeru amapanga pasipoti asanayambe n'komwe kudzaza mafomu. Malamulo a viza nawo amasinthasintha. Britain imafuna umboni wa ndalama za kubanki ndi chikalata choti munthu alibe chifuwa chachikulu, ndipo kuyambira January 2024 ambiri ochita digiri yachiwiri saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Mu August 2025 America idalamula kuti Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza ya alendo azisiya chikole chofika mpaka madola 15,000, ndipo izi zikuonetsa m'mene zipata zikucheperachepera.

Kunjako mwana amakakumana ndi kuzizira kumene sadakuonepo, chakudya chachilendo, kusungulumwa, ndipo nthawi zina tsankho. Amakakumananso ndi mavuto a eni dziko. Mu February 2022 nkhondo itabuka ku Ukraine, ophunzira a mu Africa adavutika pamalire pothawa. Mu April 2023 nkhondo ya ku Sudan idabalalitsa ophunzira a ku International University of Africa ku Khartoum. Mu May 2024 gulu la anthu lidaukira malo ogona ophunzira akunja mumzinda wa Bishkek ku Kyrgyzstan, ndipo ophunzira udokotala zikwi zingapo a ku Pakistan, amene makolo awo adawatumiza kumeneko chifukwa fizi yake ndi yotsika, adabwerera kwawo mwadzidzidzi. Wopita kunja adziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi imene imayang'anira dzikolo, apeze Amalawi anzake, ndipo asunge mapepala ake onse a kusukulu chaka ndi chaka kuti zikavuta akathe kupitiriza kwina.

Pali mtolo winanso umene suoneka. Kumudzi anthu akamva kuti mwana ali kunja amayesa kuti walemera. Ndalama imene amalandira yogulira chakudya ndi mabuku imayamba kupemphedwa kuti igule feteleza, ilipire fizi ya mng'ono wake, ithandize pamaliro. Mwana wolera bwino sakana, ndipo ena amafika pothamangira maganyu a usiku mpaka kulephera mayeso kapena kuphwanya malamulo a viza. Abale amene amamupatsa mpata woti amalize kaye amakhala atamuthandiza kwambiri.

Kubwerera

Dziko lino lidaphunzira movutika kuti kutumiza anthu kunja sikutanthauza kuti adzabwerera. Isanatsegulidwe sukulu ya madokotala, ambiri mwa amene ankatumizidwa ku Britain ndi kwina adakhala matchona, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene boma lidaganizira zophunzitsa madokotala kuno. Vutoli si lathu lokha. Pakistan, itakhazikitsa bungwe lake loyang'anira maphunziro apamwamba mu 2002, idatumiza anthu zikwi kukachita digiri yachitatu kunja, koma inkawasainitsa pangano loti adzabwerere kudzagwira ntchito kwawo. Ngakhale zinali choncho, ena sadabwerere, chifukwa pangano silikwanira ngati kwawoko kulibe ntchito, zipangizo ndi malipiro oyenera.

Sibwino kumuweruza mopupuluma amene watsalira kunja, pakuti ambiri amaphunzitsa abale ndi kumanga nyumba za makolo ndi ndalama zimene amatumiza. Koma tikayang'ana dera lathu lino, phindu la obwerera likuoneka ndi maso. Malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, omwe adakhazikitsidwa mu 1948, amadalira akatswiri amene ambiri a iwo adawonjezera maphunziro kunja, ndipo mbewu zamakono za mtedza ndi chimanga zimene alimi amadzala zidadzera m'manja mwawo. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chomwe masisitere a ku Luxembourg adachiyambitsa mu 1959, chimathandiza anthu a midzi yambiri, ndipo chipatala chotere chimafuna madokotala a opaleshoni ndi akatswiri a matenda a amayi ndi ana. Wosankha maphunziro adzifunse kuti luso limeneli lidzagwira ntchito pati akadzabwerera. William Kamkwamba wa ku Wimbe, yemwe adamaliza ku Dartmouth College mu 2014, adatchuka chifukwa cha makina amphepo amene adapanga akali kwawo pofuna kuthetsa vuto la pakhomo pawo, ndipo chimenecho n'chimene chidamutsegulira makomo. Opereka thandizo amafuna munthu wodziwa vuto la kwawo ndi chimene akufuna kuchitapo, ndipo pamenepa mwana amene wakulira m'munda wa fodya sapambanidwa ndi wa ku Area 47.

Chimene chikusowa kumudzi

Kusiyana kwakukulu pakati pa mwana wa m'tauni ndi wa ku Nambuma kuli pa uthenga. Wa m'tauni amamva msanga kuti mafomu atuluka, ali ndi kompyuta, ali ndi malume amene adadzeramo kale. Wa kumudzi amamva tsiku lotsekera litadutsa, kapena amamva kuchokera kwa dobadoba. Izi zingathe kukonzedwa popanda ndalama zambiri. Mphunzitsi mmodzi pa CDSS iliyonse atapatsidwa udindo wosonkhanitsa zolengeza zoona n'kumazimata pakhoma, ana ambiri akhoza kudziwa. Maparishi, mipingo ndi mizikiti, imene imalengeza kale za katemera ndi makuponi, ikhoza kulengezanso za maphunziro. Ana a m'derali amene adaphunzira kunja, kaya ali ku Capital Hill, ku Bunda kapena ku Edinburgh, ali ndi ngongole kwa azing'ono awo: kubwera kusukulu imene idawalera, kuwaonetsa kadzazidwe ka fomu, kuwawerengera kalata yawo asanaitumize. Atsikana afunika kuwalimbikitsa mwapadera, chifukwa opereka thandizo ambiri amawafunafuna, pamene kumudzi ndiwo amayamba kuuzidwa kuti kutali n'koopsa.

Kwa kholo limene mwana wake wabwera ndi kalata yochokera kunja, mafunso ndi anayi. Kodi sukuluyi ndi yovomerezeka kwawoko ndiponso ku NCHE? Kodi ndalama zonse za zaka zonse ndi zingati, ndipo alipira ndani? Kodi kwacha ikagwanso tidzatani? Kodi akadzamaliza adzagwira ntchito yanji, ndipo kuti? Ngati mayankho ake ndi omveka, mwana apite ndi madalitso a abale onse. Ngati sakumveka, ayambe kuno, akhoze bwino digiri yoyamba, agwire ntchito zaka ziwiri, kenako apemphe thandizo limene lidzamulipirire zonse. Njirayi ndi yotalikirapo ndi zaka zingapo, koma ambiri mwa aphunzitsi a m'mayunivesite athu ndi akatswiri a zaulimi adadzera momwemo, ndipo mabanja awo sadagulitse munda.